Maso a Namwino Pakati pa Usiku

M'chipatala chilichonse cha boma kuno ku Niassa muli munthu amene dzina lake silioneka pa chikalata cha wodwala, chonsecho nthawi zambiri ndiye amakhudza thupi la wodwalayo koposa dokotala ndi namwino. Ndiye amayala bedi, kuchotsa ndowa ya masanzi, kukolopa pansi, kukankha machila kuchokera pakhomo mpaka m'wodi, ndipo zikavuta ndiyenso amaphimba nkhope ya womwalira ndi kumunyamula. M'mabuku a boma amamulemba kuti agente de serviço, koma tonsefe timangoti servente. Abale athu a kutsidya kwa malire, ku Mangochi ndi ku Machinga, ali nayenso munthu wa ntchito yomweyi m'zipatala zawo, kungoti dzina n'losiyana. Tasankha kukamba za iye mwezi uno pa zifukwa ziwiri. Ana athu ambiri amene adalekeza sukulu panjira amafunafuna ntchito imeneyi, ena a iwo akuganiza kuti n'kungodziwa kugwira tsache. Komanso aliyense wa ife, kaya ndi mfumu, mphunzitsi kapena mbusa, tsiku lina adzagona pabedi namadikira kuti munthu ameneyu amutembenuze.

Funso lathu ndi ili: kodi namwino amafuna chiyani mwa servente amene akugwira naye ntchito? Sitikufunsa zimene wodwala amafuna, pakuti zimenezo tonse tikuzidziwa, ndizo nkhope yomasuka ndi mawu ofatsa. Namwino amafuna zimenezonso, koma sizikhala patsogolo, ndipo kuti timvetse chifukwa chake tiyenera kuyamba taona mmene wodi imakhalira dzuwa likalowa.

Chipatala cha Cuamba sichithandiza anthu a m'tauni okha. Odwala amene zipatala zazing'ono zawalephera m'maboma oyandikana nawo, monga Mecanhelas ndi Metarica, amatumizidwa kumeneku, ndipo chipatala chachikulu cha chigawo chili ku Lichinga, mtunda wa makilomita pafupifupi 300. Mandimba ali pakatikati pa ulendo umenewo, ndipo amene ali m'midzi ya Ngauma ayenera kuyamba afika ku Massangulo kapena pamsewu waukulu asanaganize za kwina. Anthu otere safika msanga. Amafika matenda atakula, ena pa njinga yamoto, ena atayesa kale mankhwala a kumudzi kwa sabata. Ndipo owalandira ndi ochepa. Kuchepa kumeneku sikudayambe dzulo. Pamene dziko lidalandira ufulu mu 1975, madokotala ambiri achipwitikizi adachoka, ndipo otsala m'dziko lonse sadakwane ndi 100 omwe. Kenako idabwera nkhondo ya pachiweniweni imene idatha mu 1992 itawononga zipatala zambiri za m'midzi. Boma lakhala likuphunzitsa anthu chiyambire nthawi imeneyo, ndipo sukulu za anamwino ziliko ku Cuamba ndi ku Lichinga, koma anthu nawonso achuluka. Motero si chachilendo kupeza namwino mmodzi usiku akuyang'anira mabedi ambirimbiri, kwinaku akuitanidwa pakhomo kukalandira wovulala. Akatuluka, amene amatsala ndi odwala ndi servente.

Apa ndipo pagona nkhani yonse. Namwino sangakhale pa bedi lililonse, choncho amafuna munthu woona, ndi wonena zoona pa zimene waona. Mphamvu za m'mikono n'zofunika, changu n'chabwino, koma namwino wodziwa ntchito akapatsidwa mwayi wosankha, adzasankha servente woyenda pang'onopang'ono amene maso ake saphonya kanthu, n'kusiya wothamangathamanga amene amataya ndowa osayang'anamo.

Tikunena za ndowa dala, pakuti zambiri zimene dokotala amafuna kudziwa zimakhala m'zinthu zimene tonsefe timanyansidwa nazo. Wodwala akatha usiku wonse osakodza, ndiye kuti mwina madzi atha m'thupi kapena impso zayamba kufooka. Mkodzo wakuda bii mwa munthu wa malungo ndi chizindikiro choopsa. Chimbudzi choyera ngati madzi otsukira mpunga chimaloza ku kolera. Masanzi okhala ndi magazi, ngakhale pang'ono, si ofanana ndi masanzi a phala. Zonsezi amayamba kuziona ndi servente, ndipo akazikhuthula kuchimbudzi mwakachetechete, umboni wapita, sudzabweranso. Ku wodi ya amayi nkhaniyi ndi yaikulu koposa. Kutaya magazi pambuyo pa kuchira ndiko kumapha amayi ambiri ochembeza padziko lonse, ndipo azaumoyo amati mayi akataya magazi opitirira theka la lita, zafika povuta. Komatu mayi wotere safuula. Amangogona duu, mwina n'kumati akumva kuzizira ndi ludzu, ndipo apongozi amene akumudikirira amayesa wangotopa. Amene amaona kuti chitenje chachiwiri chanyowa posachedwa ndi yemwe akusintha zoyala. Akathamanga kukanena, namwino ali nazo njira zoletsera magaziwo. Akati adikire namwino amalize kaye kumwa tiyi, kukacha kumakhala maliro.

Ku wodi ya ana maso omwewo amafunika m'njira ina. Anamwino amawerenga mpweya wa mwana ndi wotchi: mwana wa miyezi 2 mpaka pafupi chaka chimodzi akamapuma ka 50 kapena kupitirira pa mphindi, ndiye kuti akupuma mothamanga, ndipo wa chaka 1 mpaka 5 malire ake ndi ka 40. Servente sayembekezereka kudziwa matenda amene akuchititsa zimenezi, koma angathe kuona kuti nthiti za mwana zikulowa m'kati akamakoka mpweya, kuti khanda limene limayamwa madzulo tsopano lakana bere, kapena kuti mwana amene amalira usiku wonse wangoti zii, maso ali m'mwamba. Kukhala chete kumeneku makolo amakuyesa mpumulo. Servente wozindikira amadziwa kuti mwana wolira ali ndi mphamvu, woopsa ndi amene waleka kulira. Florence Nightingale, mayi wa ku England uja adapita ndi anamwino 38 kukasamalira asilikali ku Scutari mu 1854, polemba buku lake la unamwino mu 1859 adaikamo mutu wathunthu wonena za kupenyetsetsa wodwala. Iye amalembera anamwino ndi amayi osamalira odwala kunyumba, koma kwathu kuno gawo lalikulu la kupenyetsetsako lagwera munthu amene malipiro ake ali pansi pa onse m'chipatala.

Kuona kokha sikukwanira ngati lilime lili lopotoka. Anamwino amene timacheza nawo m'mipingo mwathu amadandaula kawirikawiri za yankho limodzi, lakuti "zonse zili bwino." Yankho limeneli limatuluka msanga chifukwa munthu safuna kukalipiridwa. Namwino adati wodwala wa pabedi la pakona atembenuzidwe, servente adaiwala, ndipo pofunsidwa angoti ndachita. Dripi idatha kalekale, iye adaiona koma adali ndi ntchito ina, ndipo pofunsidwa ati yangotha kumene. Mabodza aang'ono otere amalowa m'buku la wodi, dokotala amawerenga bukulo m'mawa, n'kulamula mankhwala potsamira pa zinthu zimene sizidachitike. Servente wonena kuti "pepani amayi, ndinaiwala" amakalipiridwa mphindi ziwiri, koma namwino amadziwa pamene aime. Ndipo chilungamo chimenechi chimateteza mwiniwakenso. Munthu akabayidwa ndi singano yogwiritsidwa kale ntchito potola zinyalala, alipo mankhwala oletsa kachilombo ka HIV kukhazikika m'thupi, amene amamwa masiku 28, koma ayenera kuyambidwa msanga, maola 72 asanadutse. Wobisa chala chake poopa kutchedwa wosasamala amadzitsekera yekha khomo limenelo. Tinenenso pano kuti namwino amene amalalatira wantchito pamaso pa odwala pa cholakwa chilichonse ndiye mphunzitsi wamkulu wa bodza m'wodi mwake, ndipo asadabwe akamangomva kuti zonse zili bwino.

Kuno kummwera kwa Niassa lilime la servente lili ndi ntchito inanso imene kwina kulibe. Boma limatumiza anamwino kulikonse kumene lafuna, choncho wobadwira ku Inhambane kapena ku Beira angathe kupezeka ku Mandimba akudziwa Chipwitikizi ndi chilankhulo cha kwawo basi. Odwala ake ndi olankhula Chiyao, ku Cuamba ambiri ndi a Chimakua ndi Chilomwe, ndipo m'mbali mwa malire ndi cha ku Mecanhelas muli ife a Chinyanja. Gogo wa ku Ngauma amene sadapondeko m'kalasi adzafotokoza bwanji kupweteka kwa m'chifuwa? Amaitanidwa ndi servente, mwana wa komweko, kuti amasulire. Palibe amene adamuphunzitsa ntchito imeneyi, palibenso amene amamulipira, koma moyo wa munthu umadutsa pakamwa pake. Akulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa. Womasulira wina amafupikitsa: gogo walankhula nthawi yaitali za mmene ululu umayambira pamsana, kutsikira m'mwendo, kukula usiku, iye n'kungoti "akuti thupi likuwawa." Wina amakometsa, pochita manyazi kutchula zakumaso pamaso pa munthu wamkulu. Wina amawonjezera nzeru zake, n'kuuza wodwala kuti mapiritsi amwe awiri m'malo mwa limodzi kuti achire msanga. Namwino amafuna womasulira amene amapereka mawu monga awalandirira, ngakhale akhale ochititsa manyazi, ndipo akakumana ndi liwu lomuvuta amanena kuti ili sindikulidziwa.

Palinso zimene wodwala sauza namwino ngakhale chilankhulo chikhale chimodzi. Mayi amene wamwetsedwa mankhwala azitsamba ofulumizitsa matenda a uchembere, aja ambiri amawatcha mwanamphepo, sangaulule kwa munthu wovala zoyera, poopa kudzudzulidwa. Bambo amene adasiya kumwa ma ARV miyezi itatu yapitayo adzalumbira kuti sadumphitsa. Koma pakati pa usiku, servente akumuthandiza kupita kuchimbudzi, mawu amatuluka, chifukwa uyu ndi mnzake, wovala nsapato zofanana ndi zake. Tsono servente achite nawo chiyani mawu amenewa? Ayenera kupita nawo kwa namwino, pakuti chiberekero chimene chikukankhidwa ndi mankhwala osadziwika mlingo wake chingathe kung'ambika, ndipo namwino akadziwa msanga amakonzekera. Koma ayenera kupita nawo kwa namwino yekha. Apa m'pamene ambiri amagwera. Massangulo ndi malo aang'ono, Mandimba ngakhale ili ndi msika waukulu anthu ake amadziwana, ndipo servente amatunga madzi pa mjigo umodzi ndi abale a odwala ake. Liwu limodzi loti "uja ndinamuona pa mzere wa mankhwala aja" likhoza kupasula banja, ndipo choipa koposa n'chakuti anthu khumi amene amva adzaleka kupita kuchipatala cha kwawo, ena n'kumawoloka malire pa Chiponde kukafuna thandizo kumene sakudziwika, ena n'kungokhala kunyumba. Ndipo tisanamizane, miseche yotere siithera pa mjigo pokha. Imafika ndi m'mabwalo a matchalitchi athu, itavala chovala cha pempho la pemphero. Amene tili ndi m'bale wogwira ntchito kuchipatala tileke kumufunsa kuti uje akudwala chiyani. Tikumuika pa mayesero, ndipo akatiyankha waphwanya ntchito yake.

Chinthu china chimene anamwino amachitchula n'chovuta kuchikamba mwachilungamo, ndicho kudziwa malire. Servente amene wakhala m'wodi zaka 15 waona jakisoni akubayidwa kosawerengeka, ndipo m'mtima mwake amati ndingathe. Kumudzi amamutcha kale adokotala, ndipo ena amamupempha kuti akawabaye kunyumba. Namwino amaopa munthu wotere kuposa waulesi, chifukwa dzanja lingathe kutengera poonerera, koma kudziwa chifukwa chimene mwana wa makilogalamu 8 salandira mlingo wa mwana wa makilogalamu 15, kapena chochita munthu akayamba kubanika atangobayidwa, sikubwera ndi kuonerera. Wina anganene kuti dziko lathu lomwe lino ndi lodziwika popatsa anthu ntchito zoposa maudindo awo. N'zoona. Mu 1984 Mozambique idayamba kuphunzitsa anthu amene si madokotala kuchita opaleshoni, aja timawatcha técnicos de cirurgia, ndipo kafukufuku wofalitsidwa mu 2007 adapeza kuti iwowa ndiwo adachita maopaleshoni akuluakulu a uchembere 92 mwa 100 alionse m'zipatala za m'maboma. Amayi ambiri a kuno ali moyo chifukwa cha anthu amenewa. Koma iwo adapatsidwa mpeni atakhala m'kalasi ndi m'chipinda cha opaleshoni zaka zingapo, akuyang'aniridwa ndi kuyesedwa mayeso. Sadautole okha.

Komabe sitingaweruze nkhaniyi ngati kuti tikukhala ku Maputo. M'zipatala zina zazing'ono za kumidzi mzamba ndi mmodzi, ndipo akapita kumsonkhano ku boma kapena akadwala, mayi wofika mutu wa mwana utaoneka kale amalandiridwa ndi servente, pakuti palibenso wina. Ameneyo sitingamutche wodzikuza. Kusiyana kuli apa: wina amagwira ntchito yoposa msinkhu wake chifukwa chosowa chochita, kwinaku akutumiza uthenga kuti thandizo libwere, ndipo pambuyo pake amafotokoza zonse monga zidachitikira. Wina amaifunafuna, amaibisa, ndipo nthawi zina amalandirapo ndalama. Woyambayu anamwino amamulemekeza, ndipo ife tikuona kuti ngati boma likudziwa kuti zimenezi zimachitika, kuli bwino kuwaphunzitsa anthuwa zoyenera kuchita pa ngozi kusiyana ndi kukhala ngati silikuona. Mnyamata kapena mtsikana amene mtima wake ukulakalaka singano, njira ilipo: amalize sukulu madzulo, akalembe mayeso olowera kusukulu ya zaumoyo. Alipo anamwino amene adayambira pa tsache.

Tsono tibwere ku tsache lenilenilo, pakuti tisaganize kuti ukhondo ndi ntchito yotsika. Mu 1847, m'chipatala china cha ku Vienna, dokotala Ignaz Semmelweis adaona kuti amayi ochira m'manja mwa madokotala amafa kwambiri kuposa ochira m'manja mwa azamba. Madokotalawo amachokera kokang'amba mitembo n'kudzagwira amayi osasamba bwino m'manja. Atalamula kuti aliyense azisamba ndi madzi a klorini, imfa zidatsika kuchoka pa amayi pafupifupi 18 mwa 100 mu Epulo kufika pa awiri okha mwa 100 mu Juni. Anzake ambiri sadamukhulupirire, koma lero palibe wotsutsa. Manja amene amayenda bedi ndi bedi ndiwo njira yaikulu ya matenda m'chipatala, ndipo manja oyenda koposa ndi a servente. Magolovesi salowa m'malo mwa kusamba. Munthu wovala magolovesi amodzi kuyambira pa bedi loyamba kufika lomaliza wadziteteza yekha, koma wagawira odwala onse zimene adatola panjira.

Tidaziona bwino zimenezi pa mliri wa kolera umene udayambira m'boma la Lago mu Seputembala 2022 n'kufalikira m'chigawo chino ndi kwina, nthawi yomwe ku Malawi matenda omwewa adapha anthu oposa 1,700. M'misasa ya kolera mankhwala aakulu ndi madzi: thanzi ORS kwa amene angathe kumwa, dripi kwa amene afooka. Koma chimene chimaletsa msasawo kusanduka chitsime cha matenda ndi klorini, ndipo amasungunula mitundu itatu. Wamphamvu, wa 2 peresenti, ndi wothira m'ndowa za chimbudzi ndi masanzi ndiponso wosambitsira mitembo. Wa 0.2 peresenti ndi wokolopera pansi ndi kupukutira mabedi. Wa 0.05 peresenti ndi wosambira m'manja. Woyambayo ndi wamphamvu ka 40 kuposa womalizawu. Wosakaniza mongoyerekeza, kuti bola madzi anunkhe, adzawotcha anthu manja kapena adzasiya tizilombo tili moyo. Amasungunula ndani? Nthawi zambiri ndi servente, ndipo namwino amafuna uja amayeza ndi kapu yake tsiku lililonse ngakhale palibe womuona, osati woyeza tsiku lobwera akuluakulu a ku Lichinga lokha.

Tikamanena izi tisaiwale kuti munthu sasamba m'manja popanda madzi. Mu 2023 ogwira ntchito zaumoyo a m'bungwe la APSUSM, momwe muli anamwino, aservente, oyendetsa ambulansi ndi ena, adanyanyala ntchito, ndipo pa madandaulo awo sipadali za malipiro zokha. Adatchulanso kusowa kwa mankhwala, magolovesi ndi zipangizo zina zogwirira ntchito. Anthu angasiyane maganizo pa za kunyanyala ntchito kuchipatala, ndipo amene adataya abale m'masiku amenewo ali ndi chifukwa chowawidwira mtima. Koma n'kovuta kulalikira ukhondo kwa munthu amene akuuzidwa kutola nsalu za magazi ndi manja osavala kanthu.

Za kufatsa ndi ulemu sitichulutsa mawu, pakuti n'zodziwika. Tingotchula chinthu chimodzi chimene ambiri sachiona ngati chifundo. Munthu amene sangathe kudzitembenuza, monga wofa ziwalo kapena nkhalamba yothyoka chiuno, khungu lake limayamba kufa pamalo otsamira: pamchombo wa msana, m'chiuno, ku zidendene. Lamulo lakale la anamwino n'lakuti atembenuzidwe maola awiri alionse, usana ndi usiku, ndipo asagonere ponyowa. Chilonda chotere chikatseguka chimatenga miyezi kuti chipole, ndipo ena amafa nacho atachira kale matenda amene adabwera nawo. Kudzuka 2 koloko usiku kukatembenuza munthu wolemera amene mwina akutukwana, n'kumuphimba bwino kuti amuna a pabedi loyandikana asaone umaliseche wake, ndi ntchito imene palibe amaiyamikira, chifukwa ikachitika bwino palibe chooneka. Namwino yekha ndiye amadziwa, akavundukula nsalu m'mawa n'kupeza khungu lili losalala.

Pali nkhani ina imene ikutikhudza ife eni, ndiyo ya kangachepe kaja timakatcha refresco. Unduna wa Zaumoyo wakhala ukulankhula poyera kwa zaka zambiri motsutsa ndalama zolipiritsa mozemba m'zipatala, makamaka ku mawodi a amayi, ndipo m'zipatala zambiri muli ofesi yolandira madandaulo, yotchedwa Gabinete do Utente. Timakonda kunena ngati kuti vutoli ndi la ogwira ntchito okha, koma dzanja lolandira limakumana ndi dzanja lopereka. Timafika ndi wodwala wathu, taona mzere ndi wautali, n'kupinda ndalama m'manja mwa servente kuti atilowetse msanga. Timati tathandiza m'bale wathu. Namwino wabwino amadana nazo zimenezi pa chifukwa chimene ife sitichiganizira. Iye amasanja odwala potengera amene ali pafupi ndi imfa, ndipo servente wogulidwa amasokoneza mzere umenewo. Wa chifuwa cha masiku awiri amalowa, mwana wokomoka wa mayi wopanda kanthu ali panja pa benchi. Ndiponso servente amene wadya za banja lina maso ake amakhala pa bedi limodzi, pamene namwino amawafuna pa mabedi onse. Malipiro ndi ochepa, tikuvomereza, ndipo nthawi zina amachedwa. Koma amene amalipira kusiyanako si boma, ndi wosauka amene alibe chopinda m'manja. Ngati mtima ukufunadi kuthokoza, nthochi kapena nkhuku yoperekedwa wodwala atatuluka kale siigula malo a munthu wina.

Nanga ife odikirira odwala, amene timagona pansi pambali pa bedi kapena pakhonde, ndi amayi a mumpingo amene amapita kukazonda odwala? Tingapeputse ntchito ya anthu awiriwa kapena kuilemetsa. Servente akatiuza kuti tituluke akolope, si chipongwe. Akatiletsa kumwetsa phala munthu amene akudikira opaleshoni, akutsata zimene wauzidwa, pakuti chakudya cha m'mimba chingathe kubwerera n'kulowa m'mapapo munthu atagonekedwa tulo. Ambiri timadikira atembenuke n'kumwetsa mobisa, poganiza kuti njala ndiyo imupha. Tikafika anthu khumi ndi awiri pa bedi limodzi, aliyense n'kugwira wodwala chanza, kenako n'kupita pa bedi lina kukachita chimodzimodzi, tachita zomwe adachita madokotala a ku Vienna aja. Sopo mmodzi m'chikwama cha mtsogoleri wa gulu ndi wokwanira. Ndipo tikaona chachilendo pa wodwala wathu usiku, namwino palibe, tisanyoze kuuza servente poti ndi wokolopa chabe. Iye amadziwa khomo loti agogode, ndipo namwino amene amamukhulupirira amadzuka msanga akamva mawu ake kuposa akamva athu.

Kukhulupirirana kumeneku kumaoneka bwino m'mawa, pa nthawi yosinthana ntchito. Namwino wa usiku amapereka buku kwa mnzake wa masana, bedi ndi bedi. M'mawodi ena servente amakhala atapita kale, kapena ali panja akuchapa ndowa, ndipo zimene adaona usiku zimapita naye kunyumba. M'mawodi ena namwino amamuitana kuti aime nawo pamenepo, n'kumufunsa pamaso pa onse: agogo a pabedi lachitatu anadya? Mwana uja wakodza kangati? Mayi wa pakona munamusintha nsalu zingati? Kumeneko servente amafika pa ntchito nthawi isanakwane, chifukwa akudziwa kuti mnzake wa usiku sangachoke asanamusiyire mawu, ndipo ena amayenda ndi kakope kakang'ono m'thumba la yunifolomu, kolembamo ndi pensulo nambala ya bedi ndi ola.